Chitseko Nambala 14

Lamba wa m'fakitale ya thonje ku Kadoma anaima yekha Lolemba madzulo, kutatsala mphindi zisanu ndi zitatu kuti sikisi koloko ikwane. Magetsi sanathime, ndipo palibe anakhudza batani. Phokoso la makina linangotsika pang'onopang'ono mpaka kunayamba kumveka kuthetheka kwa malata akuzizira padenga. Unali mwezi wa Juni, mdima utalowa kale m'makona, fumbi la thonje likuyandama pansi pa mababu.

Josiah Chikopa, injiniya wa pamalopo, anayang'ana pa kompyuta yake. Kabokosi kamodzi kanali kofiira, kusonyeza kuti chitseko nambala 14 cha ku fakitale ya ku Chegutu chatsegulidwa. Patatha mphindi zinayi kufiirako kunachoka, lamba n'kuyambanso kuyenda.

Kampaniyo inali ndi mafakitale awiri. Ya ku Kadoma inkachotsa njere m'thonje, ya ku Chegutu inkafinya mafuta m'njerezo. Chaka chatha mphezi inawotcha kontirola ya ku Chegutu, bokosi limene limalamula makina onse, ndipo mabwana anangolumikiza makina a kumeneko ku kontirola ya ku Kadoma kudzera pa waya wa faiba. Bokosi linali limodzi koma mainjiniya awiri, Josiah ndi kompyuta yake kuno, Roselyn ndi yake uko, ndipo aliyense ankatha kusintha zinthu mnzake osadziwa. Chitseko chachitetezo chikatseguka ku fakitale imodzi, zonse ziwiri zinkaima.

Josiah anaimbira Roselyn foni.

"Mwatsegula fotini kumeneko?"

"Aiwa, mukoma," anayankha Roselyn, amene pakamwa pake pankatsogola Chishona, moti m'malo mwa achimwene ankati mukoma. "Chitseko chimenecho tinachiwotcherera. Sichinatsegukepo chimwalirireni a Simoni."

A Simoni, mmodzi wa antchito, anafera m'nkhokwe ya njere ku Chegutu milungu isanu m'mbuyomo. Analowa ndi fosholo kukagumula njere zimene zinagwirana, ndipo chitsulo chozungulira cha pansi pa nkhokwe chinayamba kuyenda iwo ali momwemo. Ofufuza anati sensa ya pachitseko cha nkhokweyo, yoimitsa makina chitsekocho chikatseguka, inalephera. Maliro anachitikira ku Ingezi. Josiah ananyamula nawo bokosi, ndipo chimene ankakumbukira chinali chigwiriro chikumudya m'dzanja, basi.

Lachiwiri lamba anaimanso, nthawi yomweyo, mphindi zinayi zomwezo. Lachitatu Roselyn anadula waya wa sensayo ndi pulayala n'kutumiza chithunzi pafoni. Madzulo kabokosi kanafiira ngati kale.

Mphekesera zinabwera ndi madalaivala a malole onyamula njere. Ankati ku Chegutu makina akangoti zii, m'nkhokwe mumamveka fosholo ikugunda chitsulo, osati mwamphamvu, koma ngati munthu wotopa. Ena ankati abale a malemu anapita kwa sing'anga wina wake ku Selous. Anthu awiri a shifiti yamadzulo anasiya ntchito osatsanzika.

Lachinayi madzulo a Thanthwe, mkulu woyendetsa makina amene anakulira m'migodi, anabwera kudzaima pakhomo pa ofesi ya Josiah. Analankhula motsitsa mawu, maso ali pa lamba woimayo.

"Achimwene, ku mgodi munthu akatsalira pansi ankagogoda chonchi. Sitinkafunsa ngati ali moyo. Tinkafunsa kuti akugogodera ndani."

"Ndi waya chabe, madala," anatero Josiah.

"Waya uja anadula?"

Josiah anatembenukira ku kompyuta yake. Kunyumba mkazi wake Ivy anamuikira sadza, nsima ya kumeneko, ndi nyama, iye n'kudya zonse osamva kukoma kapena mchere. Ivy anamufunsa ngati akudwala, iye anati ayi. Sankanama. Chichitikireni ngoziyo sankamva mantha, ngakhale chisoni. Ankadzuka, kuvala ovolosi, kupita ku ntchito, ngati akuonerera munthu wina akuchita zimenezo.

Zimene ankadziwa yekha zinali izi. Ku Kadoma kunalinso chitseko nambala 14, cha pambali pa lamba, ndipo sensa yake inkanama kawirikawiri chifukwa cha fumbi. Tsiku la ngoziyo, kutatsala mphindi zisanu ndi zitatu kuti sikisi koloko ikwane, malole asanu anali pamzere, makina ataima, kabokosi kali kofiira. Josiah sanawerenge bwino kuti chitsekocho chinali cha fakitale iti. Analamula kontirola kuti ichitenge ngati chotseka, ndipo makina onse anadzuka, kuno ndi uko. Patatha mphindi zinayi Roselyn anaimba foni, kumbuyo kwake anthu akukuwa. Josiah anachotsa lamulo lija foni idakali kukhutu. Palibe anamufunsa kanthu, ndipo iye sananene.

Pofika Loweruka mabwana anatopa nazo. Anabweretsa kontirola ina kuchokera ku Harare, ndipo Roselyn anaiika ku Chegutu. Josiah anazula waya wa faiba ndi dzanja lake, n'kufufuta mzere uliwonse wa pulogalamu wonena za Chegutu. Anafufutanso nambala 14, ngakhale ya chitseko chake, n'kuchipatsa nambala ina. Tsopano panalibe chilichonse cholumikiza mafakitale awiriwo kupatula msewu.

Lolemba lotsatira kunazizira kwambiri. Nthawi ija itayandikira, antchito anayamba kuchoka pafupi ndi makina mmodzimmodzi, osayang'anana. Foni ya Josiah inalira.

"Mukoma, kuno zonse zikuyenda," anatero Roselyn, mawu ake atapepuka koyamba m'masiku ambiri. "Nthawi yakwana ndipo palibe chaima. Zvapera, zatha. Kwanuko?"

Josiah anatsitsa foni pang'onopang'ono. Lamba wa ku Kadoma anali akuima. Pa kompyuta mabokosi onse anali obiriwira.

Kenako kunamveka kugunda. Sikunkachokera ku lamba kapena kudenga. Kunkachokera m'kabati yachitsulo ya pakona ya ofesi yake, momwe munkakhala kontirola, malo osakwana ngakhale mwana. Kugunda kumodzi, kupuma kwautali, kugunda kwina. A Thanthwe anafika pakhomo, anthu ena atatu ali kumbuyo kwawo.

"A Simoni sanagwirepo ntchito kuno," mmodzi ananong'ona.

"Sanabwerere ntchito," anatero a Thanthwe.

Josiah anaimirira n'kupita pa kabatiyo. Anaika dzanja pachitseko chake, ndipo chitsulocho chinanjenjemera m'chikhatho mwake. Anadikira kuti mtima ugunde, kuti miyendo ifooke, koma palibe chinachitika m'thupi mwake. Mawu ake anatuluka osalala, ngati akuwerenga mita.

"Ndine, a Simoni. Sensa sinalephere. Ndinayatsa ndine."

A Thanthwe anavula chipewa. Foni inali idakali m'dzanja la Josiah, ndipo Roselyn anali asanadule. Kupuma kwake kunkamveka pang'ono.

Mphindi zinayi zinakwana. Zinakwana khumi. Lamba sanayende.

Josiah anabweza foni kukhutu.

"Mwamva," anatero. "Muwauze ofufuza aja abwere mawa. Andipeza pompano."

Anakokera mpando pafupi ndi kabatiyo n'kukhala. Antchito anatuluka mwakachetechete, womaliza n'kubweza chitseko. Kugundako kunapitirira, ndipo Josiah anakhala akumvetsera.