Mbewa za Pashelefu Yam'munsi

Chimene chinamuimitsa mutu Tunu Kimaro si kufa kwa mbewa ayi, koma kubereka kwake ana abwinobwino. Kachitatu tsopano! Ankatembenuza tiana tofiirato kamodzikamodzi, kufunafuna msana wotseguka, koma tonse tinali see, ngati mtedza wosenda.

Musamuyese mfiti Tunu, ntchito yake ya kafukufuku ku yunivesite inali imeneyo. Mbewa zoyerazi, zosiyana ndi zapampani zija, anazisintha chibadwa kuti zikasowa foliki asidi, michere ija amapatsa amayi kusikelo, ana ena azibadwa msana usanatsekeke. Zapashelefu yam'mwamba ankazipatsa michereyo. Zam'munsi ankazimana dala, kuti ayerekeze. Koma zomanidwazo zinkangobereka zamphumphu, ndipo atayeza magazi ake anapeza michere ili tho.

Zaka zitatu zinali zitapita. Pulofesa anamuuza mosapita m'mbali kuti mbewa zazikazi zisanu ndi imodzi zotsalazo zikachita zomwezo, kafukufuku atsekedwa, za digiri aiwale. Tunu anasintha chakudya, anasintha loko wa pakhomo, anakalipira aliyense mpaka anthu anayamba kumulambalala polowera. Palibe chinasintha.

Ndiye kunabwera manong'onong'o. A Kondo, mlonda wa pamalopo, ankauza anthu pomwa tiyi kuti nyumba yofufuziramoyo inamangidwa pamanda a ana, Dar es Salaam isanakule kufika kumeneko, ndipo kuti usiku m'chipinda cha mbewa mumamveka nyimbo. Tunu anangotsonya. Munthu wakutha mabuku, azikamba za mizukwa? Koma Lolemba anabweretsa chitenje, n'kugona muofesi moyandikana ndi chipindacho.

Mbewa zimatakataka usiku, ndipo phokoso lake limamveka ngati mvula yowaza padenga. Usiku umenewo, cha m'ma folo, phokosolo linaduka. Zii. Kenako kunamveka kukhukhuza, pang'onopang'ono, ngati wina akupera kanthu kouma. Tunu anadzuka mtima uli phaphapha. Pakhomo loko anali chikhomere. Kutacha anapeza kafumbi kachikasu pakamwa pa botolo limodzi la madzi, pashelefu yam'munsi.

Usiku wachiwiri anaimva yekha nyimboyo. Inali yopanda mawu, yam'mphuno, yotonthozera mwana. Tsitsi linamuima. Anathamangira pakhomo, koma malamulo ndi malamulo: m'chipinda cha mbewa salowamo chilowelowe. Avale mkanjo, avale chipewa, avale magolovesi, akutire nsapato. Pamene ankamaliza zonsezo, akutukwana chamumtima, m'chipindamo munali mbewa zokha, zonse zitaima kumabotolo, zikumwa.

“Ndinakuuzani, adokotala,” ananong'ona a Kondo m'mawa. “Ana aja sakufuna anzawo opunduka.”

“Bambo, ndatopa. Kaya ndi mzukwa, ndikufuna ndiuone nkhope.”

Usiku wachitatu anavaliratu zonse, n'kudzitsekera m'kati, kuseri kwa mashelefu. Munkayaka kanyale kofiira kokha, poti mbewa siziona kuwala kofiira. Chilichonse chinkaoneka ngati chaviikidwa m'magazi, ngakhale manja ake. Anakhala, miyendo inachita dzanzi. Anayamba kudziseka kuti wapenga. Ndipamene mbewa zinati zii.

Chitseko chinalira, koma osati chimene iye ankayang'ana. Chinali chakumbuyo, chotulutsira timakola ta mbewa takuda kupita kotsukira. Ofufuza sadzera kumeneko, moti Tunu zaka zonsezi sankachiwerenga n'komwe ngati khomo. Chinthu chovala zoyera chinalowa chokwakwaza mapazi, chikuimba. Chinagwada pashelefu yam'munsi, chinatulutsa kambale ndi supuni, n'kuyamba kupera.

Tunu anayatsa magetsi.

Anali mayi Mwajabu, otsuka timakola, amene ankakwera basi yoyamba kuti ayambe ntchito kusanatenthe. M'kambale munali timapiritsi tachikasu ta foliki asidi, tophwanyika. Sanathawe, sanakuwe. Anangophethira.

Mantha onse a Tunu anasanduka ukali. Anawafunsa ngati akudziwa kuti amuphera zaka zitatu, kuti anthu amuyesa wabodza, kuti wagona pasimenti ngati galu chifukwa cha iwo. Anawafunsa amene anawatuma. Mayiwo anadikira kuti amalize.

“Munandiuza nokha, mwana wanga. Tsiku lija ndinafunsa chifukwa chake zam'munsizi zili ndi chakudya chakechake. Munati mukufuna ana ake abadwe msana wotseguka.”

“Ndi mbewa, amayi! Mbewa!”

“Ndikudziwa.” Anapukuta supuni pamkanjo. “Wanga anabadwa choncho, kwathu ku Kilwa. Anakhala masiku asanu ndi anayi. Sitinkamugoneka chagada. Apongozi anati ndinadya chosayenera, bambo ake anachoka. Tsopano ndizitsuka kakola ka mbewa, mayi mnzanga, amene ndikudziwa chimene chikumudikira?”

Ukali wa Tunu unalipobe, koma unasowa pogwira. Anakhala pansi, ndi mkanjo womwewo.

Mayi Mwajabu anatola kapiritsi kamodzi kosaphwanyika, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

“Poti mwandigwira, ndiuzeni chimodzi, inu ophunzira. Aka kokha aka. Ndikanamwa, wanga uja akanakhala?”

“Ambiri amapulumuka nako, amayi. Ena ayi, zimatengera chibadwa. Wanu anali mbali iti, sindikudziwa.” Tunu analoza timakola. “N'zimene ndinkafuna kudziwa. Mbewa izi ndi zimene zikanatiuza.”

Mayiwo anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana pashelefu yam'munsi. Kunja, kumzikiti, anali atayamba kuitana mapemphero a m'bandakucha. Mbewa zisanu ndi imodzi zija, mimba zili tuu, zinali zitaima kumabotolo ake, zikudikira madzi achikasu amene zinazolowera.