Nkhope ya Kudenga

Tusekele anakumana ndi Lameck podikira basi ku South Bend. Mtsikanayu ankachokera kuntchito kuchipatala, mnyamatayo atafumbata chithunzi chakale chosindikiza.

"Achemwali, kayang'aneni kuno," anatero Lameck. "Mayi uyu ndi Mtendere. Dzanja ili wagwira nthambi ya azitona, ndi linalo akuyatsa moto malupanga. Nkhunda zaikira mazira m'chisoti cha msilikali. Koma kukongola simukuona kuti mwamuposa?"

Tusekele anaseka mpaka basi inamupitirira. Pakamwa pa mwana wa munthuyu panali uchi, abale!

Lameck ankagwira ntchito yokonzanso zithunzi zakale kudenga la holo ina ku Indianapolis. Atapatsana manambala, mameseji ake ankangogwa ngati mvula.

"Tuse wanga, Mtendere wa kudenga kuno nkhope yake inafufutika. Ndijambulapo yako, anthu azikweza maso akafuna kukuona."

"Usandinamize, Lameck. Mtima wangawu ndi umodzi."

"Ndikakunamiza ndigwe pamakwerero!"

Ndani sakanakhulupirira? Tusekele anafika pouza azakhali ake kuti ayambe kuganiza za ankhoswe.

Tsiku lina anakwera basi osamuuza Lameck, atanyamula mandasi ophika yekha. Analowa muholomo, nakweza maso. Mtendere analipodi m'mitambo, akupsompsonana ndi mnzake Chilungamo. Koma nkhope inali ya mzungu wamasaya ofiira.

"Kodi nkhopeyo sanayambe kuisintha?" Tusekele anafunsa mayi woyang'anira ntchitoyo.

"Kusintha? Ife timangotsuka ndi kumata ming'alu. Wowonjezera ngakhale kadontho timamuchotsa ntchito."

Pambali pake panaima mtsikana wina, khosi lili chagada, misozi ikutsikira m'makutu.

"Inunso anakuuzani?" anafunsa mtsikanayo m'Chichewa. "Ndine Chrissie, wa ku Lafayette Road. Ine anati ndikhala wogwira nthambiyo."

Mtima wa Tusekele unasweka, osanama. Pamwamba pa makwerero Lameck anawaona awiriwo, n'kutembenukira kukhoma, akupukuta malo opukuta kale. Mwamuna wamantha ngati ameneyu sindinamuonepo!

Tusekele anafuna kumukuwira. Koma anatembenukira kwa Chrissie, namugwira dzanja.

"Mwadya, achemwali?"

"Kuyambira dzulo ayi. Ndimasangalala kwambiri."

Tusekele anamupatsa mandasi aja onse.

"Mwabwera pa chiyani?" anafunsa Chrissie.

"Pa basi."

"Tiyeni ndikakusiyeni kwanu. Tikalilire m'galimoto, muno muli anthu."