Chikasu cha a Timoteyo

"Shuga akandiona ine amalongedza yekha," anatero a Timoteyo pamsika wa Cassacatiza, atavala jekete yoyera yapakaunjika. "Chikasu changachi chimatsuka magazi. Udotolo ndinauphunzira ku Zambia."

Wapolisi Odeta ankagula tomato pambali. Chaka chatha adotolowa ankawotcha chimanga pamalire pomwepo.

Sabata yomweyo wina anathyola zenera la kachipatala kena ka kumidzi. Wailesi anaisiya. Anatenga makomprimido okhaokha, mapiritsi a matenda a shuga. Pakhoma loyera panatsala chidindo cha dzanja, chachikasu, zala zonse.

Kenako anthu anayamba kugwa. Okalamba ankapezeka m'minda m'mawa kukuzizira, thukuta lili kamukamu, maso ali tong'o pamalo popanda kanthu. A Yosiya a ku Nsadzo anawapeza atakhala pamzere, akupereka moni kwa akulu awo amene anafa pankhondo. Ankadikira kuti ayankhidwe.

Ang'ono awo, a Agostinho, sanachedwe kupeza mfiti. Anasonkhanitsa anthu, naloza akazi a wodwalayo, a Generosa. Anawauza kuti amange katundu.

Kuchipatala enfermeira, namwino wa pamenepo, anawamwetsa a Yosiya madzi a shuga, ndipo anatsitsimuka.

"Shuga wawo anatsikitsitsa," namwinoyo anauza Odeta, amene ankafufuza za kuba kuja. "Chikasu chenicheni mwina chimathandizako pang'ono, koma sichigwetsa munthu chonchi. Amamwa chiyani?"

A Generosa anamasula nsonga ya chitenje. Munali ufa wachikasu wogula kwa a Timoteyo, wokhala ndi timibulu toyera.

Loweruka Odeta anapita kumsika ndi a Generosa, a Agostinho ali pambuyo. A Timoteyo anali pakati pa ulaliki, manja achikasu ali m'mwamba.

A Generosa anasungunula ufa uja m'kapu, anagwada, napereka ndi manja awiri.

"Adotolo, kwathu mwini mankhwala amayamba walawa. Tsiku lija tinaiwala."

"Ine ndilibe shuga, mayi."

"Si chikasu basi? Chomwe timathira m'ndiwochi?"

"Sindinadye kanthu m'mawa."

"Chikasu chimafunsa ngati munthu wadya?" anatero Odeta. "Imwani, akulu. Kapena mutiuze zoyerazo n'chiyani."

A Timoteyo anayang'ana m'kapumo nthawi yaitali, ngati muli nkhope imene akuidziwa. Anaika kapuyo pansi pang'onopang'ono.

Pansi pa tebulo Odeta anapeza mtondo waung'ono ndi mapaketi opanda kanthu, a chidindo cha kachipatala kaja. Unyolo unalira. Adotolo anapempha kuti asawadutsitse pakati pa makasitomala. Anawadutsitsa pomwepo.

A Agostinho anakhosomola.

"Alamu, katundu uja mukhoza kumasula."

"Mukamasula ndinu," anatero a Generosa, akusasa fumbi m'maondo. "Koma muyambe mwaitana onse munawaitana tsiku lija."

Madzulo anthu a ku Nsadzo anakhala pabwalo n'kumaonerera a Agostinho akubweza mapoto m'khitchini, imodziimodzi. A Generosa ankawalozera pomwe iliyonse imakhala.