Siginecha ya Lorna pa Dzina la Wakufa

Lolemba m'mawa, 8 koloko itangokwana, Lorna Tackett anapeza dzina la munthu wakufa m'kaundula wa odwala. Wade Sizemore. Pepala linkati Wade anabwera kudzalandira uphungu Lachisanu lapitalo, chonsecho Lorna anali nawo pamaliro ake mu Febuluwale. M'munsi munali siginecha yonga yake, koma dzanja silinali lake.

Lorna anali mlangizi pa Cedar Hollow, nyumba yothandizira anthu kusiya mankhwala ozunguza bongo m'tauni ya Marlow Gap, ku West Virginia, m'dziko la America. Nayenso kale ankagwiritsa ntchito mankhwalawo. Anakhalako kundende zaka ziwiri, ndipo khoti linali litangomubwezera mwana wake wamkazi.

Analowa mu ofesi ya mwini nyumbayo, Dwight Hensley, pepala lili m'manja. Hensley sanadzutse n'komwe mutu. Anati boma limapereka ndalama potengera mitu ya odwala, ndipo bedi lopanda munthu silidyetsa aliyense.

"Komatu bwana, Wade tinamuika m'manda."

"Siginecha ndi yako, Lorna. Ine ndine dikoni kutchalitchi, iwe unavalapo yunifolomu ya akaidi. Ukuganiza kuti akhulupirira ndani? Pita kagwire ntchito."

Kwa masiku awiri, galimoto iliyonse yoima panja Lorna ankayesa yabwera kudzatenga mwana wake. Lachitatu masana ananamizira kuti dzino likumuwawa, n'kuyendetsa galimoto mpaka kupolisi ya m'tauni ina. Kumeneko anakumana ndi Renee Kowalczyk, wofufuza milandu, mayi wosachedwa ndi malonje. Kowalczyk anamvetsera, n'kunena mosabisa kuti pepalalo palokha lingamangitse Lorna yemweyo. Pankafunika kujambula mawu a Hensley mobisa.

"Nanga akandigwira ndikujambula?"

"Mayi Tackett, mukapanda kujambula, tsiku lina ndidzabwera kudzatenga inuyo."

Lamulo latsopano linkalola oyendera a boma kufika mosadziwitsa, koma Hensley anali ndi mnzake kulikulu la oyenderawo amene anamutsina khutu kuti abwera Lachisanu. Mabedi anali makumi atatu. Odwala enieni anali asanu ndi anayi.

Lachisanu, 7 koloko m'mawa, Hensley anauza Lorna kuti akwere minibasi. Anapita pansi pa mlatho wa njanji, pomwe pankagona anthu osowa pokhala. Foni ya Lorna inali m'thumba la jekete yake, ikujambula. Hensley anatulutsa kabotolo ka mapiritsi ozunguza bongo. Anawauza kuti aliyense alandira awiri pompo, awiri ena oyendera akachoka, bola agone pabedi ndi kuyankha dzina limene apatsidwe. Mapiritsiwo, anatero, athandizanso kuti mkodzo ukayezedwa uonetse kuti ndi odwaladi.

Mayi wina wowonda, Jolene, amene Lorna anamuthandizapo chaka chatha, anatambasula dzanja. Anali atatha miyezi inayi osalawa mankhwalawo. Lorna anamuona akumeza.

Pobwerera Hensley anamuyang'ana m'mbali. "Bwanji thukuta chonchi kukuzizira? Vula jeketeyo."

"Ndi dzino lija, bwana. Landipatsa malungo."

Hensley anamuyang'anabe kanthawi, kenako anatsegula wailesi.

Nthawi ya 11 koloko oyendera analowa, pambuyo pawo Kowalczyk ndi apolisi anayi. Hensley anawalandira ndi khofi. Kowalczyk anatenga kaundula, naitana mokweza dzina la Wade Sizemore. Bambo wina wandevu anadzuka pabedi n'kukweza dzanja.

Unyolo unalira m'manja mwa Hensley akufunsabe ngati angaimbire loya wake. Pambuyo pake khoti linamupatsa zaka khumi ndi ziwiri. Mnzake wa kulikulu uja anapatsidwa zinayi. Lorna sanazengedwe mlandu.

Koma Cedar Hollow inatsekedwa tsiku lomwe Hensley anamangidwalo, ndipo odwala enieni aja anaima pakhomo ndi zovala zawo m'majumbo. Lorna anaimba foni kulikonse. Nyumba ina yotere yapafupi inali pa ulendo wa maola awiri, ndipo kunali mabedi atatu okha.

"Ndiye tikulemberani ndani?" anafunsa pafoni mayi wa kunyumbayo.

Lorna anayang'ana nkhope zisanu ndi zinayi zija, zonse zikumuyang'ana. Anapempha mayiyo kuti asadule foni.