Juzi ya Msilikali wa Pansi pa Nyanja

Nsanje ya Dorothy inayamba ndi juzi. Mwamuna wake Lackson ankagwira ntchito usiku, yosamalira gogo wina wachizungu ku West Bromwich. M'mawa wina anabwera atavala juzi yoyera yaubweya, yonunkha dizilo ndi mchere.

"Bambo a Shanice, wakugulirani ndani?"

"Andipatsa agogo aja. Ndi ya malemu amuna awo. Mutu unasokonekera, amandiyesa iwowo."

Dorothy anayamba kudzifunsa. Gogo wanji wopatsa juzi mwamuna wa mwini? Nanga ndani amangovala chovala cha malemu chimene abale sanagawe? Nsanje inamudya mpaka tulo tinatha.

Madzulo ena anasiya mwana wawo Shanice kwa neba n'kukwera tramu, kasitima kapamsewu, kupita kunyumba ya gogo uja. Lackson anatsegula chitseko, kukamwa yasa! Pabedi panalidi gogo wazaka zoposa zana. Manyazi anamugwira Dorothy. Koma gogoyo atagwira dzanja la Lackson n'kumalisisita, sizinamukomerebe.

Pakhoma panali chithunzi cha sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi.

"Inali ya ku Holland, yakalekale," anatero Lackson. "Majeremani atalanda dziko lawo inathawira kuno, amuna a agogowa ali momwemo. Atangokwatirana inapita kukalondera panyanja, basi osabwerako."

Pomwepo panamveka kugogoda. Go! Go! Ngati munthu akumenya chitsulo ndi sipanala.

"Ndi mapaipi a hita, amatero daily," anatero Lackson.

Dorothy anakhudza hitayo, chitsulo chotenthetsera m'nyumba. Inali yozizira.

Kapeti inayamba kunyowa. Madzi analowa m'nsapato zake. Lackson anayamba kubanika, maso tong'o, mpweya osalowa. Kumbuyo kwake kunaima mwamuna wamtali, wopanda malaya, madzi akudontha m'tsitsi. Sanayang'ane Dorothy. Ankayang'ana manja awiri ogwirana aja.

Diso limenelo Dorothy analidziwa. Ankaliona pagalasi m'mawa uliwonse.

Anamuvula Lackson juzi ija mwankhondo n'kuiponya kwa wamtali uja.

"Tengani zanu! Uyu ndi wanga!"

Gogo uja anasiya dzanja la Lackson. Anamwetulira, natambasula manja kwa wamtali uja.

Dorothy anamukokera mwamuna wake panja. Pamsewu Lackson anasanza madzi amchere, chikhalirecho ku West Bromwich nyanja ili kutali. Atalimba mtima n'kubwereramo anapeza gogo atatisiya, tsitsi lake litanyowa. Juzi panalibe.

Kutchalitchi amayi amanong'onezana kuti anali mapaipi ophulika, ena amati nyumbayo ikufunika mapemphero. Dorothy akawamva amangopukusa mutu.

"Munthu wadikirira mkazi wake zaka zonsezo pansi pa nyanja, n'kupeza wina atavala juzi yake? Analeza mtima bambo aja. Ineyo sindikanagogoda n'komwe."