Ngalande ya Mkamwini

Nester anali atagwada pakhonde akukapa madzi ndi mbale yakale pamene mwamuna wake Jeremiah anatulukira kuseri kwa nyumba, khasu lili m'manja, nkhope itagwa.

"Amake Tawina, zisiyeni zimenezo. Ngalande ija aikwirira."

"Waikwirira ndani?"

"Achimwene anu. Udzu wa vetiva wonse auzula, auponyera nkhumba."

Nester anangoigwetsa mbaleyo. Madzi amene ankakapawo sanali a mvula okha. Anali obiriwira, athovu, onunkha moti ngakhale nkhuku zinkawalambalala. Mchimwene wake, a Dominic, atabwerera kwawo ku Kadewere ukwati wawo utatha ku Mbombwe, anamanga khola la nkhumba kumtunda kwa nyumbayo. Mvula ikagwa, madzi ankakokolola ndowe n'kudzaima m'mbali mwa maziko. Njerwa zam'munsi zinali zitayamba kunyenyeka, khoma lakuchipinda linali ndi mng'alu wolowa chala, ndipo m'mawa uliwonse Nester ankasesa mphutsi pakhomo mwana asanadzuke.

Dzulo lake Jeremiah anali atakumba ngalande yokhotetsa madziwo kuti azitsikira kukhwawa, n'kudzala vetiva m'mphepete mwake kuti dothi lisagumuke. Anagwira ntchitoyo yekha mpaka manja kuchita matuza.

"Ine ndikubwerera kwathu ku Njuli," anatero Jeremiah motsitsa mawu. "Njerwa izi ndinaumba ndi manja anga. Sindingakhale n'kumaonerera zikusungunuka m'ndowe, khasu ndili nalo."

"Abambo ake a Tawina, chonde, taimani kaye."

Koma iye anatsamiritsa khasu kukhoma n'kulowa m'nyumba. Chitseko chinamenyeka mpaka dothi linayoyoka pamng'alu.

Nester anakwera kumtunda misozi ili m'masaya. Anapeza a Dominic atayedzamira khola akudya mango, pomwe mayi awo, a Matilda, anali pakhonde pa nyumba yawo akusadzula nkhwani.

"Achimwene, mwakwiriranji ngalande?"

"Iwe, usandifunse ngati ndine mwana. Vetiva ndi malire, aliyense kuno amadziwa. Mkamwini akayamba kudzala vetiva ndiye kuti akudula malo. Lero ngalande, mawa adzatiuza kuti munda ndi wake."

"Malire ake ati? Munthu akutchinga ndowe za nkhumba zanu!"

"Akanabwera kudzapempha kwa mwini mbumba. Wangofika n'kuyamba kung'amba nthaka ya agogo athu ngati wagula."

"Sanabwere? Anabwera musanamange n'komwe kholali, munamuseka. Munati ngati akumva fungo akagone ku Njuli."

A Dominic anataya nthangala ya mango m'khola n'kupukutira manja pathalauza. "Ndiye apite. Amuna atha m'dziko muno?"

Nester anatembenukira kwa mayi ake. "Amayi, mwamva? Mwamuna wanga akumanga katundu."

A Matilda sanadzutse mutu. "Ine ndinene chiyani, mwanawe? Mwini mbumba ndi ameneyo. Madzi amauma, dzinja silikhalitsa."

Nester anatseka maso pang'ono. Mumtima anangoti, Ambuye, gwirani lilime langa. Kenaka anachotsa lichero pamiyendo ya mayi ake, n'kuwagwira dzanja.

"Dzukani. Chiyambireni mvula simunapondemo m'nyumba mwanga. Tiyeni mukaone pamene amagona mdzukulu wanu."

Anatsetsereka nawo pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo awo. Atafika pabwalo, a Matilda anaphimba mphuno ndi chitenje. Panalibe pouma pomwe akanaponda. Mapazi awo analowa m'matope oterera, ntchentche zobiriwira n'kuuluka nthawi imodzi.

Jeremiah atamva kuti apongozi akubwera, anatuluka n'chikwama chake n'kukaima pambali, nkhope ataloza kwina mwaulemu.

M'chipinda munali mdima ndi chinyezi. Nester anafunyulula mphasa ya Tawina. Pansi pake dothi linali phala lakuda, madzi akuchucha kuchokera pamng'alu, mphutsi zoyera zikunyanyamuka pomwe mwanayo ankatsamiritsa mutu. Bulangeti lake linali ndi nkhungu m'mphepete monse.

"Usiku timamugoneka pa matumba a chimanga," anatero Nester. "Ife timagona chokhala."

A Matilda anayang'ana kamodzi kokha. Anatuluka mofulumira, nagwira nsanamira ya khonde, nasanza. Anasanza mpaka misozi kutuluka.

Atadzutsa mutu, anaona beseni la madzi oyera, kachidutswa ka sopo ndi kampando zili pamalo okwera pafupi nawo. Jeremiah anali ataziika mwakachetechete n'kubwerera kukaima pomwe anali, chikwama chili paphewa. A Matilda anakhala pakampandopo osatsuka mapazi, akungoyang'ana beseni.

Mabingu anayamba kugunda cha kuphiri. Nester anamanga chitenje m'chiuno, natenga khasu, napita kuseri kwa nyumba. Anayamba kufukula dothi limene mchimwene wake anakwirira.

A Dominic anatsika akuthamanga. "Iwe Nester! Ndani wakuuza?"

"Mwati mkamwini sakumba. Chabwino. Ine sindine mkamwini. Malo ano ndi a ana aakazi, ndi anga ndi Tawina. Vetivanso ndidzala ndekha. Kandinenereni kumene mukufuna."

"Wayamba mwano chifukwa cha mwamuna?"

"Mwano ndi kugoneka mwana wa mlongo wanu m'ndowe. Ndikuchita nanu nseru, achimwene. Mumadya mango pamenepo, osamva n'komwe manyazi."

A Dominic anagwira mpini wa khasu n'kuyamba kulimbana naye. Jeremiah anaponya chikwama pansi, koma asanafike, mawu a a Matilda anamveka.

"Dominic, siya khasulo!"

Anabwera akutsimphina, mapazi akadali akuda ndi matope.

"Umwini mbumba wako ndi umenewu? Mlongo wako azisesa mphutsi iwe ukunenepetsa nkhumba? Unabwera kuno ndi thumba lokha, ndinakulandira chifukwa ndiwe mwana wanga. Khola limenelo ulichotse, ukamange kumunsi kwa khwawa. Ukakana, utengane nazo nkhumba zakozo."

"Amayi, mukundinyoza pamaso pa mlendo?"

"Mlendo ndi amene samva fungo la pakhomo. Choka!"

A Dominic anasiya khasu. Anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna wowathandiza, koma panalibe. Anakwera kumtunda akung'ung'udza, ndipo posakhalitsa chitseko chawo chinamveka chikumenyeka.

Madontho oyamba anayamba kugwa. Nester anapitiriza kukumba uku akulira, dothi likumugwera m'tsitsi. Jeremiah anali chiimire, maso ali pa chikwama chimene chinagwera m'madzi onunkha aja.

Chikwatireni Jeremiah pamudzipo, a Matilda anali asanayankhulepo naye maso ndi maso. Akakumana panjira ankapatukirana, ndipo mawu ankadutsira mwa Nester. Tsikulo anayenda molunjika mpaka pamene iye anaima. Anawerama movutikira, natola chikwamacho, nachikumbatira pachifuwa ndi matope ake omwe. Kenaka anagwada.

"Amayi, chonde dzukani," anatero Jeremiah mwamantha, akubwerera m'mbuyo. "Pansipo m'ponyansa."

"Ndikudziwa, ndapaona. Ndi pamene ndinakusiyani mugone." Anakweza mawu kuti amveke mpaka kumtunda. "Bambo a Tawina, ndinaona madzi akutsika, ndinamva fungo, ndinakhala chete chifukwa choopa mwana wanga. Musachoke. Ndalakwa ine. Ndikhululukireni."