Mkono Womwe Sunathawe Simbi

Mtembo anaupeza cha m'ma seveni m'mawa mushopu yosita zovala, ndipo woyamba kufika anali Inspekita uja kupolisi konse amangomuti Mayi Dikirakaye. Dzinali linabwera chifukwa chilichonse ukawauza amayankha kuti "dikira kaye", olo uwauze kuti siketi yawo ikuyaka kkkk. Koma mayi amenewa ndi akatundu amwene. Chiyambireni ntchito sanatsekerepo munthu wosalakwa, ndipo amazinena okha, sadikira kuti wina awayamikire.

Mwini shopu, yemwe anthu ankamuti a Simbi, anali pampando mutu uli patebulo ngati mwana wogona mukalasi. Mkono wamanja unali utatsamira pa simbi yamagetsi, simbiyo ikadali yoyaka. Pambali panali fulasiki, kapu, ndi shati yositidwa mbali imodzi.

"Mtima uwu bwana," anatero Sajeni Phuma. Uyunso dzina limamukhala, amamanga munthu kaye mafunso pambuyo. "Tilembe tizipita."

"Dikira kaye."

Mayi anazimitsa simbi, anatukula mkono uja. Chilonda chachikulu, matuza mbwee m'mbali mwake. Kenako anatsegula chikope. Kamwana ka diso kanali kakang'ono ngati nsonga ya singano.

"Tenga fulasikiyo. Ndipo usalawe, ndimakudziwa."

Masana anali kwa Dokotala woyeza mitembo, kamdala kokonda kuphunzitsa olo usanafunse.

"Matuza awa akutanthauza kuti ankapsa ali moyo," anatero Dokotala. "Sajeni, munagwirapo poto wotentha?"

"Tsiku lililonse amagwira kapu yathu ya ku ofesi," anayankha Mayi. "Sakuphunzirabe."

"Ndiye mukudziwa kuti dzanja limathawa lokha musanaganize n'komwe. Imeneyo ndi ntchito ya msana. Mitsempha ya pakhungu imanyamula uthenga wa ululu mpaka pachingwe cha mkati mwa msana. Pamenepo imaupereka kwa mtsempha wina, ngati othamanga opatsirana kamtengo. Wina akupita nawo ku ubongo, wina akubwerera kukauza mkono kuti thawa."

"Nanga uyu sanathawe bwanji?"

"Mofini. Mankhwala amphamvu aja opha ululu. Amakakhala pamalo opatsirana pomwepo. Wobweretsa uthenga amalephera kutula, wolandira amakhala ngati wawodzera. Moto ulipo, khungu likupsa, koma uthenga sukudutsa. Akachuluka amakagonetsanso kumene kumayendetsa kupuma, munthu amapuma pang'onopang'ono mpaka kusiya. Mufulasikimo ali tho."

Phuma anali atatulutsa kale unyolo, osadziwa n'komwe womumanga kkkk.

Kunyumba kwa a Simbi kunkakhala anthu atatu: mkazi wawo, mayi awo okalamba odwala khansa, ndi mng'ono wawo, amene aliyense ankangomuti Mzime poti ndi womaliza kubadwa. Mayi okalambawo achipatala ankawapatsa mofini wamadzi wa m'botolo. Wowamwetsa anali mkazi wa a Simbi. Wophika tiyi wa mufulasiki analinso yemweyo. Ndiye aneba anati dzana anamva mkangano m'nyumbamo. Basitu, Phuma anamukweza mayi wamasiye m'galimoto, ndipo bwana wamkulu anaimba foni kuti mawa m'mawa apite kukhoti.

Mayi Dikirakaye mtima unawasowetsa mtendere. Mayi wamasiyeyo akangolowa m'khoti, dzina lake lada mpaka kale, ndipo iwonso mbiri yawo ija yathera pompo.

Anapita kunyumba kwa a Simbi, n'kulowa kuchipinda kwa mayi odwala aja. Gogoyo anali atapindika pabedi, akubuula pansipansi, dzanja lili pamimba.

"Pepani mayi. Mankhwala mwamwa?"

"Ndikumwa mwana wanga, koma masiku ano akungokhala ngati madzi. Kale ankawawa kukamwa, ukamwa ululu unkakhala chete. Pano sakuwawa, ndipo ululu sukumva."

"Mukuganiza kuti apongozi anu akukumanani?"

"Ameneyo? Amandisambitsa, amanditembenuza, ana anga obereka ndekha sanandichitepo. M'bwezeni."

Kupolisi, muchipinda chofunsira anthu, muli tebulo, mipando iwiri ndi kapu. Kapu imeneyi ndi yotchuka amwene. Yachitsulo, chogwirira chinathyoka kalekale, ukathiramo tiyi imatentha ngati yachokera kwa satana kkkk. Anathiramo tiyi n'kumupatsa mayi wamasiye. Atangoikhudza anachotsa dzanja msangamsanga n'kuyamba kuuzira zala.

"Munakangana chiyani ndi amuna anu?"

"Mankhwala omwewo. Botolo linkaoneka lodzadza koma amayi akulirabe. Iwo amati mwina ndikulakwitsa muyezo. Kenako anati ayi, pali wina akuthiramo madzi. Dzulo tinakatenga botolo latsopano, analitsekera mukabati, kiyi anamanga pachingwe n'kuvala m'khosi. Anati lakale likatha azitsegula okha."

"Fulasiki munaisiya pati?"

"Patebulo, ngati masiku onse. Ine n'kupita kukasambitsa amayi."

Mayi Dikirakaye anatuluka, anamukokera Phuma pakhonde.

"Mtembo uja unali ndi kiyi m'khosi?"

"Ayi bwana."

"Ndiye wina anavula. Kamuitane Mzime, umuuze kuti tikungofuna atithandize. Ndipo uwiritse madzi, awire zenizeni."

Mzime anafika cha m'ma folo. Mnyamata wooneka bwino ndithu, shati yositidwa mwaukatswiri, koma ankayankhula ngati wadzutsidwa kutulo, uku akudzikanda pakhosi.

"Pepa ndi zovutazi," anatero Mayi. "Unali kuti m'mawa?"

"Ndinagona madamu. Ndinadzuka ndi kulira kwa anthu."

"Alamu ako ukuwaona bwanji?"

"Sindifuna kunena zambiri. Koma tiyi amaphika ndi iwowo."

"Zoona. Imwa kaye wathuyu, wafooka."

Phuma anabweretsa kapu ija atainyamula ndi chipewa chake kkkk, nthunzi ili tolotolo. Mzime anailandira ndi dzanja lonse. Anaigwira. Anaigwirabe. Akufotokoza zoti alamu ake ali ndi mtima woipa, zoti achimwene ankadandaula, kapu ili m'manja phee ngati ndi ya madzi a mufiriji. Phuma kukamwa kunali yasa.

"Ika kapu pansi," anatero Mayi. "Tambasula dzanja."

Chikhatho chinali chofiira psuu, pachala pakutuluka thuza. Mzime analiyang'ana ngati ndi la munthu wina.

"Sunamve?"

"Ndili ndi khungu lolimba madamu."

"Khungu lako lapsa ngati la wina aliyense. Msana wako ndi umene sunalandire uthenga. Yang'ana kuno." Anamupendeketsa nkhope kuwindo. Timaso ngati nsonga ya singano. "Maso awa ndawaona kale lero, pa mkulu wako. Sajeni, m'matumba."

Kiyi anapezeka musokosi, chingwe chake chikadali pomwepo.

Mzime ataona kiyiyo anayamba kuulula.

"Ndinayamba dzino litandivuta. Kasupuni kamodzi basi. Kenako ndikapanda kumwa thupi lonse linkaphwanya, thukuta, m'mimba. Ndinkapungulira m'kabotolo kanga, n'kuthira madzi m'botolo la amayi."

"Mayi ako akulira usiku ndi usana iwe ukumva."

"Ndinkatseka chitseko." Anapukuta mphuno. "Achimwene anandigwira. Anati andipititsa kuchipatala ndipo auza abale onse. Atatseka kabati ndinaona ngati ndifa. Ndinathira zotsala zanga mufulasiki kuti angogona, nditenge kiyi. Ndinathira muyezo womwe ndimamwa ine madamu, sindinawonjezere olo dontho."

"Thupi lako linazolowera. Lawo linali lisanalawepo. Muyezo wako kwa iwo ndi manda."

"Sindimadziwa."

"Chabwino. Utapita kushopu kukavula kiyi, unawapeza bwanji?"

Mzime anayang'ana pansi.

"Ankapuma. Patalipatali."

"Mkono?"

"Unali pa simbi."

"Unauchotsa?"

Mayi anadikira, pajatu kudikira ndiye ntchito yawo kkkk, koma apa panalibe woseka.

"Ndinkafuna kiyi," anatero Mzime.

"Ndipo madzulo ano umafuna alamu ako akafere kundende. Sajeni, unyolo uja wakhala ukuuseweretsa tsiku lonse, mwini wake ndi uyu. Koma ayambe waonedwa ndi adokotala, akudwala ameneyu."

Chitokosi anakatsegula okha. Mayi wamasiye atatuluka sanafunse za Mzime, sanafunse za khoti.

"Amayi amwa mankhwala?"

"Tiyeni mukawamwetse nokha. Kiyi nayu."

Anamuperekeza mpaka kuchipinda kuja. Botolo lija Mzime anali atalitsegula kale, koma anali asanathiremo madzi. Gogo atameza anakwinya nkhope yonse.

"Awa ndiye akuwawa," anatero. "Ndi enieni."

Patapita kanthawi dzanja lija linachoka pamimba, kubuula kunasiya. Zoti mwana wawo womaliza ali kuti, Mayi Dikirakaye anaona kuti zidikire kaye mpaka gogo agone tulo tabwino kamodzi.

Pobwerera ku ofesi ankayenda ngati msewu anaugula okha, mutu m'mwamba, chikwama chikugwedera. Bwana wamkulu anaimba kufunsa ngati mkazi uja wakonzeka kupita kukhoti.

"Mkazi uja ali kwawo akusamalira apongozi ake, bwana. Wakupha ndamugwira, wavomera, ndipo mbiri yanga ikadali yoyera. Mulembe penapake."

Phuma, pofuna kuwasangalatsa, anathamanga kukawapangira tiyi. Mwa changu chake anaiwala chipewa, anaigwira kapu ija ndi dzanja. Inauluka mpaka pakhomo, iye akudumphadumpha zala zili m'kamwa kkkkk.

Mayi Dikirakaye sanatembenuke n'komwe.

"Usadandaule Sajeni. Mutu sindikudziwa, koma msana wako ukugwira ntchito."